Kodi Mayi Woyembekezera Angathamange Marathon?

Mu Febuluwale 2017, mayi wa ku Kenya, Peres Jepchirchir, adathamanga makilomita 21 mumzinda wa Ras Al Khaimah ku United Arab Emirates kwa mphindi 65 ndi masekondi 6. Kufikira tsikulo, padalibe mkazi pa dziko lonse amene adamalizapo mtunda umenewu mwachangu chotere. Mu Okutobala chaka chomwecho adabereka mwana wamkazi. Wodziwa kuwerenga miyezi aona yekha kuti pa tsiku la mpikisanolo mayiyu adali ndi pathupi pa masabata ochepa. Mu 2021 adapambana mendulo ya golide pa marathon ya masewera a Olympics ku Japan.

Nkhani yotere imagawa anthu pawiri. Ena amawomba m'manja, amvekere: "Mkazi ndi uyu!" Ena amagwira pakamwa, nafunsa ngati mayi wokonda mwana wake angachite zimenezi. Funsoli silili kutali ndi kwathu kuno. M'matauni amayi ndi atsikana akuoneka akuthamanga m'mbali mwa misewu mbandakucha, ndipo pa mipikisano ngati Mulanje Porters Race akazi amapikisana nawo chaka ndi chaka. Tsiku lina wothamanga wotere adzakhala mkhristu wa mumphakati mwathu momwemuno, ali wodwala miyezi inayi, ndipo anthu adzayamba kunong'ona. Ndi bwino kuliganizira funsoli manong'onong'owo asanayambe.

Marathon imafuna chiyani?

Marathon ndi mpikisano wa makilomita 42 ndi mamita 195. Kunena mosavuta, ndi kuzungulira kanjira ka othamanga ka pa Bingu National Stadium maulendo 105 ndi theka. Munthu sadzuka n'kungopita ku mpikisano wotere. Amakonzekera kwa miyezi itatu kapena inayi, akuwonjezera mtunda sabata ndi sabata, mpaka afike pothamanga makilomita 30 tsiku limodzi. Akatswiri enieni amapitirira makilomita 150 pa sabata. Pa tsiku la mpikisano, akadutsa makilomita 30, shuga amene thupi limasunga m'minofu amakhala watha. Miyendo imalemera, mutu umayamba kuuza munthu kuti aime. Amene amamaliza ndi amene adaphunzira kusamvera mawu amenewa.

Kale akazi ankaletsedwa kuthamanga mitunda italiitali ngakhale alibe pathupi. Atatha masewera a Olympics a ku Amsterdam mu 1928, mpikisano wa akazi wa mamita 800 udachotsedwa, ndipo udabwerera mu 1960. Mu 1967, Kathrine Switzer akuthamanga pa marathon ya ku Boston, mkulu wina woyendetsa mpikisanowo adamuthamangira kuti amutulutse mumsewu. Marathon ya akazi idalowa mu Olympics mu 1984 ku Los Angeles. Pa zifukwa zomwe anthu ankapereka padali chakuti liwiro liwononga chiberekero. Lero aliyense akudziwa kuti adali mantha chabe. Mbiri imeneyi ikuchenjeza aliyense wofulumira kuweruza: si zonse zomwe zimaoneka zoopsa m'maso zili zoopsadi.

Zomwe achipatala apeza

Maganizo a madokotala nawo asintha. Mu 1985 bungwe la madokotala a amayi ku America linkalangiza kuti mtima wa mayi woyembekezera usagunde kupitirira ka 140 pa mphindi akamachita masewera. Mu 1994 lidachotsa malire amenewa. Mu 2020 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti mayi woyembekezera amene alibe vuto lililonse azichita masewera olimbitsa thupi osatopetsa kwambiri kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Lidatinso amayi amene adazolowera kale masewera amphamvu asanatenge pathupi angathe kupitiriza. Phindu lake ndi lodziwika: chiopsezo cha matenda a shuga obwera ndi pathupi ndiponso cha kuthamanga kwa magazi chimachepa, thupi silinenepa mopitirira, ndipo maganizo amakhazikika. Masewera otere sadapezeke kuti amachititsa mayi kupita padera.

Koma malangizowa sakunena kuti chilichonse n'chololedwa. Thupi la mayi wapakati limasintha kwambiri. Magazi amawonjezeka pafupifupi ndi theka, mtima umagunda mofulumira ngakhale ali chikhalire, mfundo za mafupa zimafewa, ndipo mimba ikamakula kugwa sikuchedwa. Kutentha kwambiri kwa thupi, makamaka m'masabata oyambirira, kungathe kusokoneza kaumbidwe ka ubongo ndi msana wa mwana. Ku Norway, madokotala adayeza akatswiri asanu ndi mmodzi oyembekezera akuthamanga, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2012. Adapeza kuti ana adali bwinobwino pa liwiro lapakatikati, koma mwa amayi awiri amene adakakamiza mtima kufika pafupi ndi mapeto a mphamvu zake, mtima wa mwana udayamba kugunda pang'onopang'ono mpaka mayiyo ataima. Kafukufuku wa mtundu umenewu ndi wochepa, ndipo chifukwa chake n'chomveka: palibe dokotala wa chikumbumtima amene angaike dala ana osabadwa pa ngozi kuti aone pomwe pali malire.

Palinso amayi amene sayenera kuthamanga n'komwe: amene ali ndi vuto la mtima kapena la mapapo, amene magazi awo akuthamanga, amene ali ndi magazi ochepa kwambiri, amene khomo la chiberekero ndi lofooka, ndi amene nsengwa yatsekereza njira ya mwana. Ndipo aliyense woyembekezera aime pomwepo n'kupita kuchipatala akaona magazi, nsupa ikasweka, akamva chizungulire, mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kupotokola kwa m'mimba kobwerezabwereza, katumba akatupa, kapena mwana akachepetsa kusuntha. M'dziko muno, momwe malungo ndi kuchepa kwa magazi zimasautsa amayi ambiri oyembekezera, ndiponso momwe dzuwa la Okutobala limaswa mtengo, chenjezoli ndi lolemera koposa.

Thupi ndi lake, koma sali yekha

Achipatala anena mbali yawo, koma funso la chikumbumtima latsala. Pali mayankho awiri ofulumira, ndipo onse ndi operewera.

Loyamba limati thupi ndi la mayiyo, achite nalo zomwe akufuna. Muli choonadi m'menemu: ndi iye amene amamva zomwe zikuchitika m'thupimo, osati oonerera. Koma kwa miyezi isanu ndi inayi m'thupimo muli munthu wachiwiri, amene amapuma ndi mpweya wa mayi ake, amatenthedwa akatenthedwa mayi ake, ndipo sangafunsidwe ngati akuvomera ulendowo. Ufulu umene suwerengera munthu wopanda mawuyu ndi wopunduka.

Lachiwiri limati mayi akatenga pathupi, zake zonse zatha. Akhale pamphasa, adikire tsiku. Yankho limeneli limaoneka ngati lolemekeza moyo, koma limasandutsa mayi kukhala mtsuko wosungiramo mwana basi. Mayi woyembekezera akadali munthu wathunthu, wa luso lake, ntchito yake ndi chimwemwe chake. Luso la liwiro ndi mphatso monga luso loimba kapena lophunzitsa. Ndiponso kukhala phee kuli ndi ngozi zakezake kwa mayi ndi mwana yemwe.

Katekisimu wa Eklezia Katolika, pofotokoza lamulo lachisanu, amaika mfundo ziwiri moyandikana. Ndime 2288 imaphunzitsa kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zomwe Mulungu adasungitsa munthu, zoyenera kusamalidwa mwanzeru, poganiziranso zosowa za ena. Ndime 2289 imachenjeza za kupembedza thupi ndi kusandutsa chipambano cha pa masewera kukhala fano. Eklezia sadalembe chiwerengero cha makilomita omwe mayi wapakati angathamange, ndipo sangalembe. Chomwe amapempha ndi nzeru yoyeza zinthu, imene Thomas Aquinas ankaiona ngati yotsogolera makhalidwe ena onse abwino.

Kuyezako kumayamba ndi kuvomereza kuti palibe moyo wopanda chiopsezo. Mayi woyembekezera amakwera minibasi, amakwera kabaza, amaphika pamoto, ndipo palibe amene amati walakwa. Chofunika ndi kufunsa kuti chiopsezocho n'chachikulu bwanji, akuchisenza ndani, ndipo phindu lake likupita kwa yani. Apa ndi pomwe pakuonekera kusiyana kwa kuthamanga ndi kupikisana. Mayi wozolowera liwiro akamathamanga mofatsa, moti angathe kucheza ndi mnzake akuthamanga, phindu ndi la onse awiri, iye ndi mwana, ndipo chiopsezo n'chochepa. Koma akamalimbana ndi makilomita 10 omaliza a marathon ndi mphamvu zake zonse, dzuwa lili pamutu, mendulo ndi ya mmodzi pomwe chiopsezo ndi cha awiri. Kuthamanga koyambako n'kwabwino ndipo n'koyenera kulimbikitsidwa. Kwachiwiriko n'kovuta kukupezera chifukwa chokwanira.

Kupirira kumene kungasanduke mdani

Khalidwe lomwe othamanga amalinyadira kwambiri ndi kupirira, ndipo akhristu nawonso amalilemekeza. Koma khalidwe labwino likachitika pa nthawi yolakwika limaleka kukhala labwino. Wothamanga amatha zaka akuphunzira kunyalanyaza ululu, ludzu ndi kutopa. Akatenga pathupi, zizindikiro zomwezo ndi zomwe zingakhale mawu okhawo amene mwana ali nawo. Ayenera tsono kuphunzira luso latsopano, lovuta kuposa loyamba lija: kuima akadali ndi mphamvu. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Kwa mayi wapakati, kufika ndi tsiku lomwe achire, iye ndi mwana ali moyo.

Pali othamanga amene adaonetsa kuti izi n'zotheka. Mu Juni 2014, Alysia Montaño adalowa mpikisano wa mamita 800 wa dziko la America ku Sacramento ali ndi pathupi pa masabata 34, achipatala atamuloleza. Mayi amene ankamaliza mtundawu mphindi ziwiri zisanakwane adamaliza pa mphindi 2 ndi masekondi 32, womalizira pa gulu lake, ndipo anthu adaimirira kumuwombera m'manja. Adalowa m'bwalo atavomera kale kuti sapambana. Paula Radcliffe wa ku Britain, amene mu 2003 adathamanga marathon ya ku London kwa maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 25, adapitiriza kuthamanga ali woyembekezera, koma mochepetsa ndiponso madokotala akumuyeza pafupipafupi. Adabereka mu Januwale 2007, ndipo mu Novembala chaka chomwecho adapambana marathon ya ku New York. Komabe pakati pa miyezi imeneyi adavulala fupa la m'munsi mwa msana, umboni wakuti ngakhale thupi la katswiri lili ndi nthawi yake yochirira.

Mu 2011 mayi wina adamaliza marathon ya ku Chicago ali ndi pathupi pa masabata pafupifupi 39. Ankathamanga pang'ono, kuyenda pang'ono, ndipo zidamutengera maola oposa asanu ndi limodzi. Usiku womwewo adabereka mwana wathanzi. Nkhaniyi idafala dziko lonse. Koma kupulumuka kwa mmodzi si lamulo la onse. Amene wawoloka mtsinje wodzaza n'kufika tsidya sadatsimikizire kuti mtsinjewo ndi wosaya.

Mayi amene akufuna kupitiriza kukonzekera mpikisano angadziyeze ndi mafunso atatu. Kodi wauza anamwino kusikelo zoona zonse za mtunda ndi liwiro lomwe akuthamanga, ndipo ndi wokonzeka kumvera akamuletsa? Safunsa adadya phula. Kodi chizindikiro choipa chitabwera pa kilomita ya 40, mzere womalizira uli pafupi, angaime? Ndipo kodi akuthamangira chiyani: thanzi ndi chimwemwe, kapena kuti anthu amutame ndi kugawana zithunzi zake pa Facebook? Amene angayankhe mafunsowa ndi mtima woyera athamange mwamtendere. Amene akudziwa mumtima mwake kuti sangaime, asayambe n'komwe.

Si onse ali ndi ufulu woima

Kunena kuti mayi aime n'kosavuta. Koma kwa akatswiri ambiri liwiro si chosangalatsa chabe. Ndi ntchito, ndi fizi ya ana, ndi malata a nyumba ya makolo, ndipo zaka zogwira ntchitoyi ndi zochepa. Mayi wotere akaima, ndani amusunge?

Allyson Felix wa ku America, katswiri wa mitunda ifupiifupi, adafotokoza kuti mu 2018 ankapita kukathamanga kusanache, kuti anthu asaone kuti ndi woyembekezera, chifukwa mgwirizano wake ndi kampani yomuthandiza udali usanasainidwe. Pa masabata 32, atapita kukayezetsa monga mwa nthawi zonse, adamupeza ndi vuto lalikulu la kuthamanga kwa magazi, ndipo adamuchita opaleshoni yadzidzidzi. Thupi lolimba silidamuteteze. Chidamupulumutsa ndi sikelo. Mu Meyi 2019 adalemba mu nyuzipepala ya New York Times kuti kampani ya Nike inkafuna kumudula malipiro ndi 70 peresenti. Alysia Montaño ndi Kara Goucher nawo adanena zofanana. Mu Ogasiti chaka chomwecho kampaniyo idalengeza kuti sidzadulanso malipiro a wothamanga kwa miyezi 18 yokhudza pathupi ndi uchembere. Pambuyo pake, oyendetsa marathon ya ku London mu 2022 ndi ya ku Boston mu 2023 adayamba kulola mayi amene wapeza malo pa mpikisano kenako n'kutenga pathupi kuti malo akewo amusungire mpaka chaka china.

Izi zikuonetsa kuti mlanduwu si wa mayi yekha. Amene amalipira wothamanga pokhapokha akapambana, n'kumutaya akatenga pathupi, ndi amene amamukankhira pa ngozi. Kudzudzula mayi koma osakhudza amene adamuika pampanipani ndi chilungamo chokhota.

Ndowa ndi khasu

Pamenepa funsoli likubwerera pakhomo. Anthu omwewo amene angadabwe kuona mayi wapakati atavala nsapato zothamangira sadabwa akakumana ndi mayi wa miyezi isanu ndi itatu akuchokera ku mjigo, ndowa ya malita 20 ili pamutu, mwana wina ali kumbuyo. Ndowa imeneyo imalemera makilogalamu 20, ndipo amaisenza kangapo pa tsiku. Sadabwa akamuona akupalira chimanga dzuwa lili paliwombo, akusenza thumba kupita ku chigayo, kapena akuchokera kuphiri ndi mtolo wa nkhuni. Amangoti ndi mkazi wolimba.

Wothamanga uja adasankha yekha, adadya bwino, ali ndi madzi m'manja, ndipo akatopa amaima. Mayi wa khasuyu sadasankhe, mwina wadzuka ndi m'mimba mopanda kanthu, mwina ali ndi magazi ochepa, ndipo akaima ana sadya. Lamulo la ntchito la dziko lino limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu. Wa ganyu, wa kumunda ndi wogulitsa tomato pamsika alibe tchuthi chilichonse. Bungwe la WHO limalangiza kuyambira mu 2016 kuti mayi woyembekezera aonane ndi achipatala kosachepera kasanu ndi katatu, koma ambiri amalephera chifukwa cha mtunda ndi ntchito zapakhomo. Ngati nkhawa ya anthu ilidi pa mwana wosabadwa, iyenera kuyambira pa mayi ameneyu. Ngati imangodzuka pomwe mkazi wachita chinthu chachilendo, ndiye kuti chomwe chikuwavuta si moyo wa mwana koma mkazi amene watuluka pa mzere.

Palinso chenjezo kwa achibale ndi anansi. Mayi akapita padera, pakamwa pa anthu pamafulumira kufuna wolakwa: ankathamanga, ankagwira ntchito kwambiri, sadasunge mwambo. Achipatala amadziwa kuti mimba zambiri zochoka m'miyezi itatu yoyambirira zimachoka chifukwa cha vuto la kaumbidwe ka mwanayo kuyambira pachiyambi, lomwe mayi sakadatha kulipewa. Mayi wotere afunika kupepesedwa, osati kuzengedwa mlandu.

Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka umasimba za mayi woyembekezera amene adayenda ulendo wautali mofulumira. Amayi Maria, atangolandira uthenga wa mngelo, adanyamuka ku Nazareti kupita ku dziko lamapiri la Yudeya, ulendo wa masiku angapo. Mlembiyo sawadzudzula. Koma zinthu ziwiri n'zoonekeratu. Changu chawo chidali cholinga kwa mayi wina woyembekezera, Elizabeti, wokalamba, amene ankafunika womuthandiza. Ndipo atafika adakhala komweko pafupifupi miyezi itatu. Adadziwa nthawi yofulumira ndi nthawi yokhazikika.

Yankho la funso lija tsono ndi ili. Mayi wathanzi, wozolowera liwiro, wololedwa ndi achipatala, angathe kupitiriza kuthamanga ali woyembekezera popanda kutsutsidwa ndi chikumbumtima, malinga ali wokonzeka kuchepetsa ndi kuima. Kulimbirana chipambano pa makilomita 42 kungadikire. Mpikisano udzakhalaponso chaka chamawa. Kwa ena onse, ntchito ndi yopatsa amayi mpata woimawo. Bambo amene mkazi wake ndi wodwala atenge ndowa ndi khasu, ndipo amuperekeze kusikelo. Wolemba ntchito asamuopseze ndi kumuchotsa. Mphakati uliwonse udziwe amayi oyembekezera amene ali m'dera mwake, ndipo pa msonkhano wa sabata ino ufunse kuti ndani akuwatungira madzi.